Masamba, mafuta onunkhira ndi tulo tosowa

Pa kauntala ya famase pano pa Chigwirizano, funso la tulo limabwera kumapeto, munthu atalandira kale chenji: "Nanga za tulo muli nazo?" Kale ankafuna Piriton. Lero ambiri amati akufuna zachilengedwe: tiyi wa chamomile, mafuta a lavender, makapisozi a valerian obwera ndi achibale a ku Joni, kapena botolo la mizu lotsatsidwa pa WhatsApp. Sindiwabweza, koma ndimayamba ndafunsa chimene chawalanda tulolo, chifukwa nthawi zambiri yankho lili pamenepo.

Chamomile ndi maluwa ouma, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti alibe caffeine. Munthu wozolowera Chombe wowirira madzulo akasinthira ku chamomile, kapena ku lemongrass wa kuseri kwa nyumba amene sagula n'komwe, wachotsa chimene chimamutsegula maso. Pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka la caffeine lichoke m'thupi, choncho tiyi wa 6 koloko amakhala akadali m'magazi 11 koloko usiku. A kabaza amene amadalira ma energy drink masana onse asamanamizire afiti.

Fungo la lavender limakhazika ena mtima pansi, izo n'zoona, ndipo dontho pa pilo silipweteka. Koma kafukufuku amene otsatsa amakonda kutchula ndi wa makapisozi a Silexan a ku Germany, a 80 mg, oyesedwa makamaka pa anthu a nkhawa, osati wa kununkhiza. Za valerian, bungwe la American Academy of Sleep Medicine mu 2017 linalangiza madokotala kuti asamamupereke kwa amene akhala nthawi yaitali osagona, poti umboni wake ndi wofooka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Kuyambira 2019, ambiri amene amamwa ma ARV m'dziko muno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo kwa ena mankhwalawa amasowetsa tulo. N'chifukwa chake ku chipatala amakonda kunena kuti muzimwa m'mawa. Munthu wotere akapita kukagula zitsamba zokhazika mtima pansi, angathe kupeza zosakaniza ndi St John's wort, chitsamba chimene chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Mphamvu ya ma ARV imatsika, ya mapiritsi akulera imatsikanso, mwini wake osadziwa. Musasiye ma ARV ndipo musaonjezere kanthu mwa nokha. Kafotokozeni kumene mumalandirira. Amene mumamwa HCTZ wa BP, ndi wa m'mawanso ameneyo: mukamwa madzulo mukhalira kudzuka kukataya madzi. Kukodza pafupipafupi usiku pamodzi ndi ludzu, kayezetseni shuga.

Mafuta onunkhira si akumwa. Mafuta a bulugamu, ngakhale pang'ono, angathe kukomola mwana akawameza, ndiye aziikidwa patali. Ndipo June ndi July akafika, ena amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kuponyapo lubani kapena masamba, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo. Tulo take timabwera mokoma, koma anthu amafa nato.

Botolo lopanda dzina la wopanga, mndandanda wa zosakaniza ndi tsiku lotha mphamvu, ine sindingalimwe. Bungwe la PMRA, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, koma silingafike pa foni ya aliyense. Piriton nayenso si wa tulo: amaumitsa kukamwa, ndipo kwa abambo achikulire amatha kutseka mkodzo. Diazepam amafuna kalata ya dokotala, ndipo thupi limamuzolowera msanga. Kachasu amagwetsa munthu, inde, koma amamudzutsa pakati pa usiku.

Zimene zimathandiza ambiri n'zosasangalatsa kumva, mwina poti zilibe mtengo. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale mutagona mochedwa. Tulo tikakana, chokani pabedi, khalani pabalaza kopanda kuwala kwambiri mpaka maso alemere. Foni isalowe mu neti. Tiyi wa lemongrass alowe pamenepo, ngati chizindikiro choti tsiku latha.

Koma ngati mwatha miyezi 3 mukusowa tulo masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, kapena mumadzuka mbandakucha mtima uli pa lendi ndi katapila, chakudya osachifuna, moyo osaukondwera, imeneyo si nkhani ya masamba. Chipatala cha Likuni chili pafupi, ndipo ku Bwaila ndi ku St John of God kuli anthu ophunzira za matenda a maganizo.