Msewu Umene Ukumbukira Woyenda Pansi

Aliyense amene anaimapo m'mphepete mwa msewu waukulu wa mumzinda m'mamawa, pamene ana a sukulu akudikira mpata woolokera, wakabaza akupalasa pakati pa phula ndi ngalande yosavindikira, ndipo minibasi ikuima paliponse pamene kondakitala waona munthu, adziwa kuti msewu umene tinaulandira ndi nthungululu unayezedwa ndi mtima woganizira galimoto yokha, ena onsewo nasanduka alendo opempha njira pakhomo la eni. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Koma matope awa sanagwe kumwamba, anaumbidwa ndi manja a anthu patebulo la mapulani.

Dziko la Netherlands, limene lero litchuka ndi njinga, linalawako chikho chowawachi. M'chaka cha 1971 linaika m'manda anthu oposa 3,000 amene anafa pamsewu, ndipo mwa iwo ana anali oposa 400. Mtolankhani wina, Vic Langenhoff, amene mwana wake anagundidwa ndi galimoto nafa, analemba nkhani yodandaula, ndipo pa mutu wa nkhaniyo panabadwa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti lekani kupha ana. Makolo anatseka misewu nakhala pansi pa phula pamodzi ndi ana ao. Ndipo mafuta atasowa mu 1973, boma nililetsa magalimoto kuyenda masiku ena a Lamulungu, anthu anakumbukira ndi maso ao mmene mzinda ukhalira ukapuma phokoso.

Chimene anatulukira pamenepo n'chimene ine ndichiyesa mutu wa nkhani yonse: kuti dalaivala amamvera maonekedwe a msewu koposa chikwangwani. Msewu ukakhala wotambalala ndi wowongoka ngati bango, phazi limadziponderera lokha, ngakhale wapolisi ataima patsogolo ndi kabuku kake. Koma ukachepa, ukakhotakhota, mitengo ndi mipando zili m'mbali, ndipo pansi pali njerwa zimene zilira pansi pa matayala, munthu yemweyo, wosalalikidwa ndi wina aliyense, amayenda mofatsa. Mumzinda wa Delft anakonza misewu ya pakati pa nyumba motero, naitcha woonerf, bwalo la anthu okhalapo, kumene galimoto iyenda liwiro la munthu wa pansi ndipo mwana asewera osathamangitsidwa. Mu 1976 lamulo la dziko linaivomereza. Pa misewu ikuluikulu, kumene magalimoto sangachitire mwina koma kufulumira, anapatula njira ya njinga ndi kakhoma ka simenti, pakuti mzere wa penti suletsa lole. Ndipo pakati pa msewu anasiya kachilumba, kuti nkhalamba ya ndodo ioloke theka, ipume, kenaka imalize theka linalo.

A ku Sweden anapitirira pamenepo mu 1997, pamene nyumba yao ya malamulo inalandira mfundo ya Vision Zero, yoti popeza munthu ndi wolakwalakwa chibadwire, womanga msewu asalole kuti kulakwa kwa kamphindi kulipidwe ndi moyo. Pachifukwa chimenechi liwiro la makilomita 30 pa ola likondedwa kumene anthu ndi magalimoto asanganikirana, pakuti wogundidwa pa liwiro limenelo kawirikawiri amadzuka, pamene pa 60 ambiri sadzukanso. Mzinda wa Oslo ku Norway unatha chaka chonse cha 2019 wosataya woyenda pansi kapena wapanjinga ndi mmodzi yemwe.

Ena adzati izi n'za maiko a chuma. Komatu kuno kwathu oyenda pansi ndi apanjinga achuluka koposa eni magalimoto, ndipo chivindikiro cha ngalande, hampu pakhomo la sukulu ndi malo oimirapo minibasi n'zotsika mtengo tikaziyerekeza ndi kilomita imodzi ya msewu wa mizere inayi.