Anamkungwi a m'makoleji: ntchito yosula osamalira anthu

Ukakwera phiri la Mphunzi m'mawa wa mwezi wa June, chisanu cha ku Dedza chikukulowa m'mafupa, umafika pa matanthwe okhala ndi zojambula zakalekale. Zofiira zija anasiya ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe ankakhala kuno Achewa asanakhazikike. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Mphunzi ndi limodzi mwa mapiri a dera la Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zotere, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Alendo amabwera, amatola zithunzi ndi mafoni awo n'kumapita. Koma ukakhala pansi n'kuyang'anitsitsa, malowa ndi sukulu. Thanthwe linali bolodi, dothi loyera linali choko, ndipo namkungwi ankaphunzitsa anamwali mwambo wa kukhala ndi anthu: kusunga banja, kulera mwana, kudwazika matenda, kulemekeza akulu.

Anamkungwi akadalipo, ndipo mawu awo akadali ndi mphamvu. Kungoti lero mbali ina ya ntchito yosamalira anthu inalowa m'manja mwa olembedwa ntchito. M'midzi yozungulira Mphunzi mumayenda mlangizi wa zachitukuko, amene amayang'anira magulu a banki mkhonde ndi sukulu za kwacha. Mumayenda woteteza ana, amene amathamangirako mwana akamenyedwa, akagwiriridwa kapena akasiyitsidwa sukulu kuti azikaweta ng'ombe. Ku boma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, imene aliyense amangoti kwa a Social Welfare, komwe kumathera nkhani za ana amasiye, za okalamba, za aulumali ndi za Mtukula Pakhomo, ndondomeko ija yopereka ndalama kwa ovutikitsitsa yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Boma la Dedza lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndiye mutha kuona nokha kukula kwa mtolo umene anthu owerengekawa asenza.

Aliyense wa iwo alipo amene anamusula. Wosula ameneyo saoneka kumudzi tsiku ndi tsiku, dzina lake silitchulidwa pabwalo la mfumu, koma kalankhulidwe ka wophunzira wake pakhomo la munthu wovutika kamaulula kuti anadutsa m'manja otani. Ndiye ntchito tikuikamba pano: uphunzitsi wa m'makoleji wa maphunziro osamalira anthu, amene ambiri amangowatchula kuti social work ndi chitukuko cha m'midzi.

Mwana wa ku Mphunzi wofuna maphunzirowa amayenera kutsika phiri. Sukulu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi koleji ya Magomero ku Chiradzulu, yomwe ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Alangizi ambiri a zachitukuko ndi othandizira m'maofesi a chisamaliro cha anthu anadutsa kumeneko. Kwa zaka zambiri munthu wofuna digiri pa maphunzirowa ankapita kunja kapena kungotenga digiri ya sociology, koma tsopano zinthu zinasintha. Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, yomwe inatsegulidwa mu 2006, imaphunzitsa social work. Chimodzimodzi DMI St John the Baptist ku Mangochi ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Ku Bunda, komwe ndi kufupi ndi kuno kuposa konseko, LUANAR ili ndi maphunziro okhudza moyo wa pabanja, jenda ndi kutumikira anthu m'madera. Ku Mzuzu, koleji ya St John of God imasula opereka uphungu ndi osamalira odwala matenda a m'maganizo. Ngakhale kuno ku Chongoni, pa malo a Namoni Katengeza a Sinodi ya Nkhoma, atsogoleri a mumpingo amaphunzirapo zambiri zokhudza mabanja ndi achinyamata. Malo onsewa amafuna anthu oima kutsogolo kwa kalasi.

Makwerero ake ndi aatali. Lamulo la pakati pa anthu a maphunziro apamwamba ndi lakuti mphunzitsi akhale ndi pepala loposa limene wophunzira wake akufuna. Wophunzitsa a satifiketi ndi a dipuloma amafunika digiri yoyamba. Wophunzitsa a digiri yoyamba amafunika digiri yachiwiri, ndipo wofuna kukwera mpaka upulofesa sangathawe PhD, kafukufuku ndi kulemba zimene wapeza kuti anzake aziunike. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, likamayendera sukulu kuti livomereze maphunziro ake limayang'ana mapepala a aphunzitsi. M'mayunivesite a boma, wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri nthawi zina amatengedwa ngati wothandizira, n'kutumizidwa kukawonjezera maphunziro, kenako n'kukhala lekichala. Ena amalowera khomo lina: amayamba agwira kaye ntchito ku ofesi ya boma kapena ku bungwe, zaka zisanu, khumi, n'kumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu mpaka pepala litakwana. A gulu lachiwirili ndi amene ophunzira sawaiwala, chifukwa chitsanzo chilichonse chimene apereka m'kalasi anachiona ndi maso.

Nanga tsiku lake limayenda bwanji? Gawo lina ndi la mabuku. Wophunzira ayenera kudziwa kakulidwe ka mwana, magwero a umphawi, kafunsidwe ka mafunso, kalembedwe ka lipoti lopita ku khoti. Ayeneranso kudziwa malamulo ngati dzina lake: loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013, la maukwati la mu 2015, lothana ndi kuzembetsa anthu la chaka chomwecho, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunatsimikiza kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kuno kumalire ndi Mozambique, komwe mwana atha kudzuka m'mawa n'kukagona ku Angonia akulima m'munda wa munthu, malamulo amenewa amagwira ntchito sabata iliyonse. Kuwonjezera apo pali kukonza mayeso, kuchonga mulu wa mapepala mpaka usiku, kuyang'anira kafukufuku wa a chaka chomaliza, ndi misonkhano yosatha.

Koma pamene mphunzitsi weniweni amadziwikira ndi pa atachimenti, nthawi imene ophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito m'maofesi, m'zipatala, m'mabungwe kapena m'malo osungirako ana olakwira malamulo monga Chilwa ndi Mpemba. Mphunzitsi amayenera kuwalondola. Zimachitika motere. Mayi wina wophunzitsa watsika basi pa Linthipe, wakwera kabaza wa njinga yamoto, fumbi lili thoo m'maso, kudzaona mtsikana, wophunzira wake, amene watha milungu inayi kumudzi. Akumupeza nkhope ili khuma. Nkhani ndi ya mwana wa Sitandade 7 amene akufuna kumukwatitsa.

“Madamu, ndapitako kawiri. Ndawauza kuti lamulo likuletsa, koma mayi ake angoti iwo sadziwa kanthu. Bambo akenso akuti si nkhani yawo.”

“Unayambira kwa ndani?”

“Kunyumba kwawo komweko.”

“Kwa a mfumu unadzerako? Nanga atsibweni ake a mwanayo unawaona?”

Mtsikana uja wangoti zyoli. Buku limene anawerenga linalembedwa ku Britain, ndipo limanena za mayi ndi bambo basi. Silidziwa kuti pakati pa Achewa bambo ndi mkamwini, kuti mwinimbumba ndi mlongo wake wa mayi, kuti ukwati sumangidwa kapena kumasulidwa popanda ankhoswe. M'mawa mwake akupita onse awiri kwa atsibweni a mwanayo. Mphunzitsi wamanga chitenje, waodira ali patali, wakhala pamphasa, fomu ili m'chikwama. Akufunsa za mbatata ya kachewere, za mtengo wa feteleza, za chifuwa cha agogo. Patapita nthawi ndithu ndiye akuti, “Amalume, tabwera ndi kankhani ka mdzukulu wathu uja, koma eni mbumba ndinu, ife tangobwera kudzamva maganizo anu.” Amalume aja akuyamba kumasuka, ndipo zikutuluka zomwe sizikanalembedwa pa fomu: ngongole ya katapila, yunifolomu yong'ambika, mnyamata wobwera ku Joni ndi foni yatsopano. Lamulo litchulidwa ndithu, ndipo zikavuta apolisi adziwitsidwa, koma litchulidwa anthu atayamba kale kumvana. Pobwerera mphunzitsi sakukalipa. Akungomufunsa wophunzira wake kuti waonapo chiyani, n'kumusiya afotokoze yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha sikulembedwa pa bolodi.

Anthu a ku Dedza izi sazimva ngati zachilendo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka zambiri asanaitanidwe kudzalowa ufumu, anathetsa maukwati a ana mazanamazana podzera mwa mafumu ake, makolo ndi magulu a amayi. Dziko lonse linawatama. Mphunzitsi wanzeru amatenga nkhani ngati imeneyo n'kuiika patsogolo pa ophunzira kuti aisanthule: chinatheka n'chiyani, chinavuta n'chiyani, ana obwezedwawo anawalipirira ndani sukulu.

Palinso vuto la chiyankhulo. Kalasi imayenda m'Chingerezi, mayeso m'Chingerezi, koma misozi ya munthu imatuluka m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka. Wophunzira atha kukhoza bwino funso lokhudza kusunga chinsinsi, n'kukalephera kupeza mawu ofunsira mwana wa zaka zisanu ndi zinayi chimene amalume ake anamuchita, popanda kumuopseza kapena kumuika mawu m'kamwa. Aphunzitsi ena amachititsa masewero m'kalasi, wina akhale gogo wokana kupereka mdzukulu ku chipatala, wina akhale mlangizi, onse alankhule chiyankhulo cha kwawo. Mabuku olembedwa ndi Amalawi pa nkhanizi akadali ochepa, ndipo apa pali munda wosalimidwa kwa aliyense wolowa ntchitoyi ali ndi mtima wolemba.

Zowawa zilipo, tisanamizane. Malo a ntchito yokhazikika ndi ochepa, ndipo akalengezedwa m'nyuzipepala ofunsira amachuluka ngati ngumbi. Ambiri amayamba ndi uphunzitsi wa maola, kulipidwa malinga ndi nthawi imene aima m'kalasi, ndipo sizachilendo kuti malipirowo achedwe mpaka teremu kutha. Wina amaphunzitsa sukulu ziwiri kapena zitatu kuti pakhomo pafuke utsi. Makalasi ndi odzadza, pomwe luso lomvetsera munthu limafuna kagulu kochepa. Ndalama zoyendera ophunzira a pa atachimenti zikasowa, amangowaimbira foni, ndipo phunziro ngati la pamphasa lija limatayika. Mabungwe akuluakulu amalipira bwino kuposa makoleji, choncho aphunzitsi ena aluso amakokedwa. Chopweteka kwambiri ndi kukumana ndi wophunzira wako wakale, amene unamudalira, akugulitsa mayunitsi m'tauni chifukwa boma silinalembe anthu ntchito chaka chimenecho. Ndipo ophunzira ena amasankha maphunzirowa chifukwa iwo eni anakula ndi mabala; tsiku lophunzira za nkhanza, wina amatuluka m'kalasi akulira, ndipo mphunzitsi amasanduka phungu osakonzekera.

Komabe makomo akutseguka. Makoleji omwe si a boma achuluka, ndipo maphunziro a chitukuko cha m'midzi ndi ena mwa omwe amakopa anthu, makamaka apantchito ophunzira kumapeto a sabata kapena pa intaneti. Osamalira ana m'sukulu za mmera mpoyamba, oteteza ana, a komiti zothandiza ochitiridwa nkhanza, onsewa amafuna maphunziro afupiafupi, ndipo owaphunzitsa amachokera m'gulu lomweli. Mabungwe akafuna kafukufuku kapena kuunika ntchito zawo amagogoda kwa malekichala. Ogwira ntchitoyi alinso ndi bungwe lawo, la Association of Social Workers in Malawi, lomwe likulimbikira kuti ntchitoyi izilemekezedwa ndi kuyendetsedwa ndi malamulo monga zilili ndi unamwino. Zimenezo zikadzatheka, kudzafunika aphunzitsi ambiri ovomerezeka.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Mphunzi amene akulemba MSCE chaka chino, njira yake ndi iyi: akhoze bwino, makamaka Chingerezi ndi maphunziro a zachikhalidwe cha anthu, alowe koleji yovomerezeka ndi NCHE, ndipo afunse kaye asanalipire fizi, akamaliza asanyoze ntchito yongodzipereka ku ofesi ya boma kapena ku bungwe la m'dera, asunge kope lolembamo zimene akuona, osatchula maina a anthu, kenako afunefune digiri yachiwiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo asadzione wotsalira chifukwa anakulira kuphiri. Amadziwa kale kuodira, amadziwa malo okhala mkamwini pamaliro, amadziwa kuti mayi akati “tili bwino” maso ali pansi ndiye kuti pali nkhani. Anzake a m'tauni adzalipira fizi kuti aphunzire zimenezo, ndipo mwina wodzawaphunzitsa adzakhala iyeyo.

Kale namkungwi sankasankhidwa chifukwa cha kukamwa kokoma. Ankakhala mayi woti anavinidwa, anabereka, anaika maliro, anayanjanitsapo mabanja, ndiye mudzi unkamukhulupirira kuti autengere ana ake kuthanthwe. Makoleji athu akamalemba aphunzitsi a ntchitoyi ali ndi ufulu wofunsa mapepala, ndipo azifunsa ndithu. Koma pa tsiku la intavyu wina mwa ofunsawo azikumbukira kufunsanso kuti: “Kodi munakhalapo pamphasa ya munthu amene sakufuna kukuonani? Tatiuzani, munayamba ndi mawu oti chiyani?”