Kodi n'zoona kuti a social amalanda ana?

Pakati pa Amalawi ndi anansi athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene adadza kuno ku England kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, palibe anthu oopedwa monga ife a ntchito yanga, amene pakhonde la tchalitchi ndi m'magulu a WhatsApp timangotchulidwa kuti "a social". Ndipo mbiri imene mlendo amalandira asanamasule n'komwe katundu wake ndi yakuti kuno mwana sadzudzulidwa, ndi kuti ukangomukalipira, tsiku lomwelo galimoto imafika kudzamutenga. Ine ndine mmodzi wa ogogoda pakhomowo, wolembedwa ntchito ndi khonsolo ku nthambi yoona za ana. Ndipo popeza inenso ndidakula ndi nthyole ya agogo monga ambiri a inu, ndayesa n'chanzeru kulongosola ntchito imeneyi monga momwe iliri, kuti mantha opanda pake achepe, ndi kuti chenjezo loyenera limveke.

Kwathu mwana saleredwa ndi munthu mmodzi. Mayi akapita kudimba, mwana amadya kwa azakhali. Bambo akapyola muyeso pomulanga, agogo amatuluka m'nyumba ndi kumubisa kumbuyo kwa chitenje chawo. Nkhanza zikapitirira, atsibweni amaitanitsa ankhoswe, ndipo nkhani ikakula imakafika kwa nyakwawa. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma m'dziko muno, kumene munthu angathe kukhala zaka zambiri osadziwa dzina la mnansi wogundana naye khoma, khomo likatsekedwa palibe diso loona mwana. Tsono chimene mudzi umachita mwa chibadwa, eni dziko adachilemba m'malamulo, makamaka lamulo la Children Act la 1989, limene lidapatsa makhonsolo udindo wothandiza mwana wosowa ndi wofufuza pamene pali chifukwa choganizira kuti mwana akuvulazidwa kwambiri. Udindowo udakhwima pambuyo pa imfa ya Victoria Climbié, kamtsikana ka zaka 8 kochokera ku Côte d'Ivoire, kamene makolo ake adakapereka kwa azakhali a bambo ake kuti kakaphunzire ku Ulaya, koma kadafera ku London mu February 2000 chifukwa cha nkhanza za azakhaliwo ndi mwamuna amene ankakhala nawo, ngakhale kuti madokotala, apolisi ndi anthu a ntchito yangayi adali atakaona kangapo. Lipoti la Lord Laming la 2003 lidadzudzula onsewo, ndipo mu 2004 kudadza lamulo lina lokakamiza sukulu, zipatala, apolisi ndi makhonsolo kugwirira ntchito pamodzi. Mphunzitsi amene akufunsa mwana wanu za chipsera cha pamkono sakudana nanu ayi. Akukumbukira mwana uja.

Nkhani imayenda motere. Mphunzitsi, namwino kapena mnansi akaona chomudetsa nkhawa amadziwitsa khonsolo, ndipo khonsolo iyenera kugamula pasanathe tsiku limodzi la ntchito ngati nkhaniyo ifunika kuitsata. Zambiri zimathera pomwepo, kapena pa kulozera banja kumene lingapeze thandizo. Zikafunika kuziona, ndipamene ine ndimafika: ndimakhala pansi ndi makolo, ndimapempha kuona pogona mwana ndi m'firiji, ndimacheza ndi mwanayo payekha, ndimafunsa kusukulu ndi kwa dokotala wa banja, ndipo kafukufuku yense ayenera kutha pasanapyole masiku 45 a ntchito. Imvani bwino apa, pakuti mpamene pagona bodza lalikulu: ine ndilibe mphamvu yochotsa mwana m'nyumba mwanu inu musanalole. Mphamvu imeneyo ili ndi woweruza kukhoti, amene amafuna umboni, ndipo kholo loitanidwa pa mlandu wotere limapatsidwa loya kwaulere. Apolisi okha ndiwo angachotse mwana mwadzidzidzi popanda chilolezo cha khoti pamene ali pangozi, koma kwa maola osapyola 72.

Pa zopunthwitsa zimene ndimakumana nazo m'mabanja ongofika kumene, choyamba ndicho kusiya mwana yekha. Ndidalowa m'nyumba ya mayi wina amene ankagwira shifiti ya usiku, ndipo adandionetsa yekha m'mene ankakonzera zonse asanachoke: phala m'fulasiki, yunifomu yosita pampando, foni pansi pa pilo, mpeni ndi machesi atazikweza pamwamba pa kabati, ndi lamulo lakuti mwanayo, wa zaka 7, asatsegulire munthu aliyense. Sadali mayi wosasamala. Adali mayi wopanda mbale, wokakamizika kulipira lendi ndi kutumiza ndalama kumudzi. Nkhani idaululika chifukwa mwanayo ankawodzera m'kalasi, ndipo atafunsidwa adayankha mosabisa kuti usiku amaopa kuzimitsa magetsi. Lamulo la kuno silitchula msinkhu umene mwana angasiyidwe yekha, koma ndi mlandu kumusiya m'njira yomuika pangozi. Bungwe la NSPCC limalangiza kuti wosafika zaka 12 asasiyidwe nthawi yaitali, ndi kuti wosafika zaka 16 asagone yekha m'nyumba. Mwana uja sadachotsedwe: tidakambirana ndi mayiyo za kupempha shifiti ya masana, ndipo banja lina la kutchalitchi kwawo lidavomera kugoneka mwanayo masiku otsalawo.

Chachiwiri ndicho nthyole, imene ambiri amaiikira kumbuyo ndi mawu a m'buku la Miyambo. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira iliyonse kudaletsedwa mu November 2020, ndipo ku Wales mu March 2022. Kuno ku England lamulo la 2004 lidasiya kampata ka chilango chopepuka, koma kampatako kamatsekeka chilango chikasiya chipsera, chotupa kapena bala, ndipo lamba, mthiko kapena chingwe cha magetsi timazitenga ngati nkhani yaikulu ndithu. Komatu palibe lamulo loletsa kholo kukana, kudzudzula, kulanda foni, kuika nthawi yofikira panyumba, kapena kutuma mwana kutsuka mbale. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo eni dziko nawonso amadziwa chimenechi. Chimene adakana ndi chida, osati mwambo.

Chachitatu n'chimene ambiri sadachimvepo. Mwana wosafika zaka 16 akakhala masiku 28 kapena kuposerapo kwa munthu amene si kholo lake kapena mbale wapafupi, khonsolo iyenera kudziwitsidwa; ndipo apafupi, m'kuwerenga kwa lamulo, ndi agogo, mchimwene kapena mchemwali, mbale weniweni wa bambo kapena wa mayi (ngakhalenso mkazi kapena mwamuna amene mbaleyo adamangitsa naye ukwati), ndi kholo lopeza lomangitsa ukwati. Msuweni wanu, kapena mayi wa ku chigwirizano amene mumamutcha achemwali, sali m'gulu limeneli, ngakhale mumamukhulupirira kotheratu.

Ndinene zoona, nafenso a ntchito iyi timafunika kuphunzitsidwa. Mwana wa Chimalawi akagwada polonjera mlendo, nayang'ana pansi pamene wamkulu akuyankhula, mnzanga wobadwira kuno angathe kulemba m'buku lake kuti mwanayo ndi wamantha, pamene ine ndikuona mwana woleredwa bwino. Ndipo mayi amene amangoyankha kuti "chabwino" pa funso lililonse, chifukwa cha ulemu kwa munthu wa boma, angathe kuoneka ngati akubisa kanthu. N'chifukwa chake ndikuti longosolani miyambo yanu momveka, pemphani womasulira ngati Chingerezi cha kuno chikukuthamangirani, ndipo musalole mwana wanu kukhala womasulira pa nkhani yokhudza iye mwini.

Pakuti chovuta chenicheni cha kholo ndi mwana m'dziko lachilendo n'chakuti awiriwa sazolowera pa liwiro limodzi. Mwana amatola kayankhulidwe ka kuno m'miyezi yochepa, amadziwa basi yokwera ndi batani losindikiza, ndipo kusukulu amaphunzitsidwa nambala ya foni ya Childline, imene ana amaimba akakhala pa mavuto. Kholo, limene kwathu lidali mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, limabwera kunyumba litatopa ndi kusambitsa okalamba, nkupeza kuti wamng'ono ndiye akuliwerengera kalata ya kukhonsolo. Tsiku limene mwanayo adzati "ndiimba foni", kholo lodziwa lamulo lidzamuyankha modekha, pamene kholo lamantha lidzachita chimodzi mwa ziwiri, kumenya mobisa kapena kulekerera zonse. Ndipo ziwirizi n'zimene zimadzatibweretsa pakhomo.

Chotero, inu amene mwangofika, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Lembetsani mwana kwa dokotala wa banja, pakuti n'kwaulere. Dziwanani ndi aphunzitsi ake vuto lisanagwe, ndipo pitani ku misonkhano ya makolo ngakhale mutachoka kumene kuntchito. Pezani mabanja awiri kapena atatu oti muzisinthana nawo kuyang'anira ana. Mukasowa chakudya kapena pogona, idzani kwa ife nokha, chifukwa ngakhale pa chiphaso chanu padalembedwa kuti simuloledwa thandizo la ndalama za boma, thandizo la khonsolo kwa mwana wosowa, pansi pa gawo 17 la lamulo la 1989 lija, siliwerengedwa m'gulu limenelo. Ndipo tikagogoda, titsegulireni, funsani dzina ndi chiphaso chathu, funsani chimene tadzera, nimuyankhe zoona mopanda mantha, pakuti lamulo lomwelo limene latituma limanena kuti malo oyenera mwana, ngati kuli kotheka, ndi kwa makolo ake.