Kompyuta imaona "the" wosowa, koma "he" wolakwika imamuphonya

Ndikamaliza chaputala cha kafukufuku wanga, ndimayamba ndachiika mu Grammarly ndisanachipereke kwa aphunzitsi ondiyang'anira. Anzanga ena amakonda Write & Improve ya ku Cambridge, yomwe imakuuza mlingo wa Chingerezi chako kuyambira A1 mpaka C2. Zoti makina azichonga zolemba si zachilendo ayi. Ellis Page anali ataziyamba kale mu 1966 ku America.

Nanga mapulogalamuwa amagwira chiyani kwenikweni kwa ife amene timaganiza m'Chichewa koma timalemba m'Chingerezi?

Tiyambe ndi zimene amatha. Chichewa chilibe timawu tonga "a" ndi "the". Timangoti "buku", ndipo nkhaniyo ndiyo imasonyeza ngati ndi buku lililonse kapena lija tatchula kale. N'chifukwa chake m'Chingerezi timawuti timatiiwala kapena kutiika posayenera. Apa makina amathandizadi. Amayerekeza chiganizo chako ndi ziganizo zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo, n'kuona kuti pasowa kanthu.

Koma taonani "iye". Kwathu mawuwa amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Tsiku lina ndinalemba "he" ndikunena za mayi wina wolemba mabuku amene ndinamutchula m'ndime yam'mbuyo. Pulogalamu inangoti zii, poti chiganizocho pachokha chinalibe vuto. Aphunzitsi ndi amene anazunguliza mawuwo ndi inki yofiira.

Chachikulu n'chakuti makinawa sayeza ngati mfundo zako zili ndi mutu. Mu 2014 Les Perelman wa ku MIT ndi ophunzira ena anapanga BABEL Generator, pulogalamu yolemba zopanda tanthauzo koma zodzaza ndi mawu akuluakulu. Makina ochonga anapereka malikisi apamwamba pa zamkutu zimenezo.

Ndiye ine masiku ano sindingodina kuvomereza chilichonse chimene pulogalamu yakonza. Ndili ndi kope lolembamo zolakwa zimene zimabwerezabwereza, ndipo pa chilichonse ndimadzifunsa kuti, kodi Chichewa chimanena bwanji zimenezi? Nthawi zambiri gwero la cholakwacho limapezeka pomwepo. Mukangodina osafunsa, pepala limayera koma inuyo simunaphunzire kanthu, ndipo pa mayeso Grammarly kulibe. Zokhudza "he" ndi "she" komanso kutsatana kwa mfundo, pemphani mnzanu akuwerengereni.