Msika waung'ono, mtengo wabwino: nkhani ya gemu ya Severed pa PlayStation Vita

Aliyense wochita geni adakumanapo ndi funso ili: kodi ndikayale katundu wanga pamsika waukulu, pomwe ogula ndi piringupiringu koma ogulitsa nawonso ali paliponse, kapena pa kamsika kakang'ono pomwe anthu ndi owerengeka koma wogulitsa katundu wotereyu ndine ndekha? Sabata ino tiyambe tasiya mitengo ya tomato ndi nyemba, tione m'mene kampani ina yaing'ono ya ku Canada idayankhira funso lomweli. Katundu wake sadali wa m'thumba kapena wa mu dengu. Idali gemu ya pakanema, yoseweredwa pokhwekhwereza chala pasikirini monga timachitira pafoni ya tachi.

Kampaniyi dzina lake ndi DrinkBox Studios ndipo ili mumzinda wa Toronto. Ndi imodzi mwa makampani oima paokha, omwe amapanga gemu ndi mpamba wawo n'kudzigulitsira okha popanda bwana wamkulu wowalipirira zonse. Tingoti ali ngati venda wokaoda ndi ndalama zake, wosiyana ndi mnyamata wogulitsira mwini golosale. Phindu likabwera ndi lake, katundu akapanda kuyenda misozi ndi yakenso.

Gemu yawo, yotchedwa Severed, idatuluka pa 26 Epulo 2016 pamtengo wa $14.99, ndipo patsikulo inkapezeka pa kachipangizo kamodzi kokha, PlayStation Vita. Aka ndi kamakina ka magemu kogwira m'manja komwe kampani ya Sony idatulutsa ku Japan mu Disembala 2011, kenako ku America ndi ku Ulaya mu Febuluwale 2012, pamtengo woyambira $249. Kali ndi mabatani, kali ndi sikirini ya tachi kutsogolo, ngakhalenso kumbuyo kwake kumamva chala. Koma malonda ake sadayende monga Sony inkafunira. Mnzake wopikisana naye, Nintendo 3DS, adagulidwa kuposa 75 miliyoni, pomwe Vita idatsalira kutali kwambiri. Pofika 2015 akuluakulu a Sony adali atanena poyera kuti iwo eni asiya kupangira kachipangizoka magemu akuluakulu. Ndiye kuti DrinkBox idakayala katundu wake pamsika womwe mwini msika adali atayamba kale kuutembenukira msana.

Anthu ambiri akadati uku ndi kutaya mpamba. Tisanaweruze, tiyenera kumvetsa katundu wake. Mu Severed mumasewera ngati Sasha, mtsikana wa dzanja limodzi yemwe akufunafuna abale ake m'dziko la zilombo. Chala chanu ndicho lupanga lake. Mukakhwekhwereza chala chopingasa, lupanga limadula chopingasa, mukatsitsa chala nalonso limatsika, ndipo chilombo chikatchinga mbali imodzi muyenera kuchitema mbali inayo. Gemu yonse idamangidwa pa chala ndi galasi. Simungaisewere pa TV ndi mabatani okha. Gemu ina ya kampani yomweyi, Guacamelee! ya mu 2013, idali ya mabatani, choncho idayenda mosavuta mpaka pakompyuta, pa PlayStation 4 ndi pa Xbox. Severed idalibe mwayi umenewo. Idali ngati katundu wofuna firiji: misika yomwe mungamutengereko ndi yokhayo ili ndi magetsi.

Tsono misika ya sikirini ya tachi panthawiyo idali iwiri yosiyana kutalitali. Kumbali ina kudali mafoni. Mu Julaye 2016 kampani ya Apple idalengeza kuti yagulitsa iPhone yokwanitsa 1 biliyoni, ndipo mwezi wa Juni chaka chomwecho idati m'sitolo yake ya App Store muli ma apu 2 miliyoni. Kumbali inayi kudali tizipangizo ta magemu okhaokha monga Vita, ta eni ake ochepa.

Chiwerengero cha 1 biliyoni chimakopa, koma taganizirani kukhala ndi benchi limodzi pakati pa mabenchi 2 miliyoni. Wogula akudutsa sakuonani n'komwe. Choipa china n'chakuti anthu a pafoni adazolowera magemu aulere kapena a dola imodzi, moti mukawatchulira $15 amangopukusa mutu. Mwini Vita ndi munthu wina. Adatulutsa kale ndalama zambiri kugula kachipangizo komwe ntchito yake yaikulu ndi magemu, adazolowera kuona magemu a m'bokosi akugulitsidwa pafupifupi $40, ndipo pofika 2016 adali ndi njala chifukwa zatsopano zinkabwera mwa apo ndi apo. Gemu yabwino ikatuluka pa Vita, pafupifupi aliyense wokonda kachipangizoka ankaimva, ndipo olemba nkhani za magemu ankaipatsa malo chifukwa padalibe zambiri zoiphimba.

Palinso kanthu kena komwe ambiri sakawerengera. Vita siilola memori khadi wamba ngati wa m'foni. Imafuna khadi yakeyake ya Sony, yomwe poyamba inkagulidwa pafupifupi $20 ya 4GB ndi $100 ya 32GB. Izi zidaipitsa malonda a kachipangizoka, koma kwa wopanga gemu yaing'ono zidali ndi ubwino wake, poti munthu wa khadi yodula ndi yothina amayamba waganiza asanaikemo gemu yodya malo ambiri. Timagemu ting'onoting'ono tidapeza danga pamenepo.

DrinkBox sidalinso mlendo pamsikawu. Gemu yawo ya Mutant Blobs Attack idatuluka pa Vita mu 2012 kachipangizoka kakungofika kumene, kenako Guacamelee! n'kutsatira. Makasitomala ankawadziwa. Inu amene mwakhala pamalo amodzi zaka zinayi mukudziwa kusiyana kwa kugulitsa kwa munthu wokutchulani dzina ndi kugulitsa kwa wongodutsa.

Tiyeni tiwerengere. Eni masitolo a pa intaneti otere kawirikawiri amatenga 30 pa 100 iliyonse ya mtengo, ngati chiphaso cha msika, kungoti ichi chimadulidwa pa chinthu chilichonse chomwe mwagulitsa osati kamodzi patsiku. Pa $14.99, wopanga gemu amatsala ndi pafupifupi $10.49. Severed itafika pa iPhone ndi iPad kumapeto kwa Julaye 2016, mtengo wake wokhazikika udali $6.99, wosafika ndi theka lomwe. Mukachotsa gawo la mwini sitolo pamatsala pafupifupi $4.89. Choncho ndalama yomwe ogula 1,000 a pa Vita amabweretsa imafuna ogula oposa 2,100 a pafoni. Katundu ndi yemweyo, ntchito yomupanga ndi yomweyo, chasintha ndi malo oyalapo basi.

Koma gemu imasiyana ndi tomato pa mfundo imodzi yaikulu. Venda wa tomato amaoda lero, kugulitsa mawa, ndipo akaona kuti sizikuyenda amachepetsa oda yotsatira. Wopanga gemu amathira mpamba wonse asanagulitse ngakhale imodzi. Severed idalengezedwa mu 2014 ndipo idatuluka patatha zaka ziwiri, nthawi yonseyo anthu akulipidwa, lendi ikulipidwa, ndalama yolowa kuchokera ku gemuyo palibe. Ikatuluka zinthu zimatembenuka: kugulitsa kope lachiwiri kapena la 10,000 sikufuna kuodanso, ndipo katundu saola. Apa ndi pomwe msika waung'ono umaonetsa malire ake. Mtengo ndi wabwino, inde, koma ogula akatha atha. Simungagulitse gemu imodzi kawiri kwa munthu yemweyo, ndipo eni Vita atsopano sankabwera ambiri.

N'chifukwa chake chomwe ndimachiona chanzeru pa nkhaniyi si kusankha Vita kokha ayi, koma ndondomeko yomwe katunduyu adayendera. Adayambira pomwe mtengo uli pamwamba komanso pomwe dzina limamveka msanga. Patatha miyezi itatu adapita pa mafoni a Apple atanyamula mbiri yabwino yochokera ku Vita, ndipo kumapeto kwa 2016 Apple idasankha Severed kukhala gemu yopambana ya chaka pa iPad. Chaka chomwecho gemuyi idafikanso pa Wii U ndi 3DS za Nintendo, zomwe zili ndi sikirini ya tachi, kenako mu Ogasiti 2017 pa Nintendo Switch, pomwe imaseweredwa kachipangizoko kali m'manja osati kolumikiza ku TV. Akadayambira pafoni ndi $6.99, zikadavuta kuuza mwini Vita kuti alipire kawiri mtengo womwe wauona kale kwina. Kutsitsa mtengo n'kosavuta, koma kuukweza anthu atazolowera wotsika ndi nkhondo.

Njirayi ili ndi minga yake. Munthu yemwe adalipira $14.99 mu Epulo n'kuona mnzake akugula mosaposa $6.99 mu Julaye akhoza kumva ngati adamudyera masuku pamutu. M'maganizo mwanga miyezi itatu ndi yochepa ndithu, ndipo chomwe chimaziziritsa mtima wa kasitomala wotere n'chakuti adasewera ena onse asanaione. Kwa anthu okonda chinthu, kukhala woyamba nakonso amakulipira. Koma wamalonda aziyesa bwino mpata umenewu, makamaka ngati ogula a misika iwiriyo amadziwana.

Pamsika womwewu padatulukanso geni ina yosonyeza kuti anthu ochepa okonda chinthu amatulutsa ndalama mosanyinyirika. Mu 2015 kampani ya Limited Run Games ya ku North Carolina, ku America, idayamba kutenga magemu ang'onoang'ono omwe ankangopezeka pa intaneti n'kuwaika m'bokosi, makope owerengeka, osabwerezanso. Yoyamba idali Breach & Clear ya pa Vita, makope 1,500, ndipo adatha tsiku lomwelo. Ogula ankadziwa kuti akachedwa sadzaipezanso.

Tsopano za mwini msika. Pa Vita, sitolo yogulitsiramo magemu pa intaneti ndi imodzi yokha, ya Sony. Palibe zoti mukakangana ndi mwini malo musamukira tsidya lina la msewu. Sony idasiya kupanga Vita mu Malichi 2019, ndipo nthawi yomweyo idasiyanso kupanga timakatiriji ta magemu a ku America ndi ku Ulaya, zomwe pamapeto pake zidatseka geni ya m'mabokosi ija kumeneko. Pa 29 Malichi 2021 idalengeza kuti sitolo ya Vita itsekedwa pa 27 Ogasiti chaka chomwecho. Padali opanga magemu ena omwe adali pakati pa ntchito, mpamba atathira kale, ndipo nkhaniyi idawadzidzimutsa. Ogula adadandaula kwambiri mpaka pa 19 Epulo mkulu wa PlayStation panthawiyo, Jim Ryan, adabweza ganizolo. Sitolo idatsala yotsekula, komabe magemu atsopano adasiya kulandiridwa, omaliza adatuluka mu Julaye 2021, ndipo mu Okutobala Sony idaletsa kulipira ndi khadi ya kubanki kapena PayPal pa kachipangizoka. Msika ulipo, koma chipata chake chidachepa.

Nintendo ndiye sidabwerere m'mbuyo. Pa 27 Malichi 2023 idatseka masitolo a 3DS ndi Wii U. Mwa malo asanu omwe Severed idayalidwapo, awiri adatha tsiku limodzi, popanda cholakwa chilichonse cha DrinkBox. Ikadakhala kuti gemuyi idamangiriridwa ku kachipangizo kamodzi mwa tiwiriti, bwenzi malonda ake atathera pomwepo. Chidaipulumutsa n'chakuti idadalira chala ndi galasi, zomwe zimapezeka pa zipangizo zambiri, osati kanthu kopezeka pa makina amodzi okha monga kumbuyo kwa Vita komva chala kuja.

Kwa achinyamata omwe akuphunzira kupanga magemu ndipo akufuna kuyesa msika, zipata zina zili ndi mitengo yodziwika. Apple imalipiritsa $99 pachaka, Google Play $25 kamodzi kokha, ndipo Steam ya pakompyuta $100 pa gemu iliyonse, yomwe amakubwezerani gemuyo ikapanga $1,000. Kuyambira 2021 Apple imatenga 15 pa 100 m'malo mwa 30 kwa amene amapeza ndalama zosaposa $1 miliyoni pachaka, bola alembetse. Musanalipire chipata chilichonse, yambani mwafufuza ngati sitoloyo imatha kutumiza ndalama kudziko lomwe muli, chifukwa kugulitsa ndi kulandira ndi nkhani ziwiri.

Kwa inu ogulitsa mafoni ndi zamagetsi zakale, Vita ikakupezani m'katundu wooda musaione ngati chidole wamba. Ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba, PCH-1000, ili ndi sikirini yowala bwino ya OLED koma tchaja yake ndi yakeyake, yovuta kupeza, choncho yopanda tchaja muigule motsika. Yachiwiri, PCH-2000, ndi yopepuka ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha micro USB ngati cha mafoni ambiri akale. Tsekulani kachitseko ka memori khadi muone ngati ilimo, poti khadiyo payokha ndi ndalama, ndipo PCH-1000 ilibe malo ake osungira zinthu moti magemu ambiri sayenda popanda khadi. Kenako yatsani, muyendetse chala m'ngodya zonse zinayi za sikirini komanso kumbuyo. Ngati pali pena posamva chala, magemu ngati Severed sangaseweredwe bwino, ndipo wogula wodziwa ayesa pomwepo asanakupatseni ndalama.