Kusamuka ndi Thanki ya Nsomba ku Ekurhuleni

Taganizirani kuti mukukhala ku Germiston ndipo mwapeza nyumba ina ku Benoni. Matauni onsewa ali mu mzinda wa Ekurhuleni, kummawa kwa Johannesburg, ndipo ulendo wake pa galimoto sukwana ola limodzi. Mipando, bedi ndi firiji mungoziponya m'lole. Koma pabalaza pali thanki yagalasi ya malita 200, ndipo muli mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi timene anthu a m'mayiko ambiri amasunga m'nyumba zawo. Kodi thankiyi muisamutsa bwanji?

Choyamba dziwani kuti chinthu chosachedwa kuonongeka pa ulendowu si galasi ayi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timakhala mu siponji ya fyuluta ndi pa miyala ya m'thanki. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe zawo, ndipo amoniyayo ndi poizoni kwa nsombazo. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene ndi poizoninso, kenako ena amasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene savulaza nsomba akakhala wochepa. Kuti mabakiteriya amenewa achuluke m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6. Siponji ikauma, kapena mukaitsuka ndi madzi a pampopi, ambiri amafa. Apa m'pamene anthu amadabwa: nsomba zafika bwinobwino ku nyumba yatsopano, koma patatha masiku ochepa zayamba kufa imodziimodzi. Choncho ikani siponji mu ndowa ya madzi a m'thanki momwemo, ndipo musaitseke kwambiri chifukwa mabakiteriya nawonso amafuna mpweya. Musaitsuke, ngakhale ikuoneka yauve.

Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, lekani kudyetsa nsomba. Mtima ungakupwetekeni poziona zikubwera pagalasi kudzapempha chakudya, koma nsomba yathanzi sifa ndi njala ya masiku awiri, pamene nsomba yokhuta imadetsa msanga madzi ochepa a m'jumbo.

Tsiku losamuka, thanki ikhale yomaliza kupakira ndi yoyamba kukonza mukafika. Zimitsani hita, muisiye izizire musanachotse madzi, apo ayi ingathe kung'aluka. Tungani madzi oyera a pamwamba m'zigubu zimene simunasungiremo sopo kapena mafuta, pafupifupi theka la madzi onse. Tulutsani miyala musanayambe kugwira nsomba, chifukwa mbuna zikangoona kaukonde zimathawira m'mapanga. M'jumbo lililonse lapulasitiki, madzi akhale gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako kukhale mpweya. Mbuna zazimuna ndi zandewu, ndiye iliyonse ikhale m'jumbo lakelake. Yang'aninso ngati pali yaikazi yotupa kukhosi ndiponso yosadya. Imeneyo yafungatira mazira m'kamwa, ntchito imene imatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo ikachita mantha imalavula mazirawo. Iikeni payokha mosamala.

Musayese kunyamula thanki muli madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki yathu ija ikadzaza imaposa makilogalamu 200, ndipo ngakhale madzi ochepa akamakhavuka pa msewu amatha kumatula guluu wogwiriza magalasi. Mchenga nawo uchoke.

Tsopano tione zimene zili zapadera ku Ekurhuleni. Dera limeneli ndi lokwera kwambiri: bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Kempton Park lili pafupifupi mamita 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere. Mu June ndi July usiku kumagwa chisanu, pamene mbuna zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28. Ikani majumbo mu cooler box, muvindikire, ndipo bokosilo likhale m'kati mwa galimoto, osati kumbuyo kwa bakkie. Mdima wa m'bokosi umathandizanso kuti nsomba zidekhe. Funsiranitu ngati magetsi a ku nyumba yatsopano ndi olumikizidwa kale. Amene anali ku South Africa mu 2023, pamene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, amadziwa ubwino wa kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Madzi a pampopi ku Ekurhuleni amachokera ku Rand Water, bungwe limene limatunga madzi ambiri ku damu la Vaal. Bungweli limathira klorini ndiponso kloramini kuti madzi akhale abwino kumwa. Klorini amauluka madzi akagona mu ndowa, koma kloramini amakhalitsa. Nzeru yakale yogoneka madzi usiku umodzi siikwanira kuno. Gulani mankhwala ochotsa zonse ziwiri ku sitolo ya ziweto, muthire m'madzi atsopano musanawathire m'thanki.

Mukafika, ikani thanki pamalo osapendekeka, kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Bwezerani mchenga, miyala ndi madzi akale, muonjezere atsopano, kenako yatsani fyuluta ndi hita. Yandamitsani majumbo pamwamba pa madzi kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, ndiyeno mutulutse nsomba ndi kaukonde. Tsikulo musayatse nyale ya thanki ndipo musazidyetse. Sabata yoyamba zidyetseni pang'ono, muziyeza amoniya ndi naitiraiti tsiku lililonse; zikakwera, sinthani gawo lina la madzi.

Nanga ngati nyumba yatsopano ilibe malo a thanki? Perekani nsombazo kwa mnzanu kapena funsani sitolo ya ziweto ngati ingazilandire. Musakazitaye m'madamu a ku Benoni kapena m'dambo la Blesbokspruit pafupi ndi Springs, limene linalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 1986. Mbuna zingafe ndi kuzizira, koma mitundu ina yachilendo imapulumuka, n'kuswana, n'kuyamba kulanda chakudya cha nsomba za m'deralo.