KUYENDA NDI KUTHAMANGA KUCEPETSA THUPI, KOMA KUFUNA KULEZA MTIMA

Kunenepa kopitirira muyeso, kumene kale tinali kukuona pa abwana a m'maofesi a ku Lusaka ndi ku Migodi, tsopano kwafika ndi m'midzi momwe. Pa kufufuza kwa Boma kwa za umoyo m'zaka za 2001 ndi 2002, kunapezeka kuti amai 12 mwa amai 100 aliwonse a zaka 15 kufikira 49 anali olemera thupi kupitirira muyeso. M'caka ca 2007 anafika pa 19, ndipo m'zaka za 2013 ndi 2014 anakwana 23. Ambiri a iwo anali a m'matauni, koma kumidzi nakonso sikunatsale.

Cifukwa cace sicifuna munthu wophunzira kuti acione. Mtondo ndi munsi zalowedwa m'malo ndi cigayo. Ulendo wa ku msika umene makolo athu anali kuyenda pansi, lero tikwera njinga yamoto. Madzi tsopano ali pafupi pa mjigo. Zonsezi ndi citukuko, ndipo palibe afuna kubwerera kumbuyo. Koma pamene nchito ya thupi yacepa, shuga m'tiyi, saladi m'ndiwo, vitumbuwa ndi zakumwa za m'mabotolo zaculuka.

Mlimi amene agwira khasu kuyambira mbandakuca m'nyengo ya dzinja safunika kuuzidwa za kuthamanga. Mau awa apita maka-maka kwa eni masitolo, amai okhala pa msika tsiku lonse, aphunzitsi, akalaliki, oyendetsa magalimoto, ndi alimi omwe pa miyezi ya cilimwe pamene zokolola ziri m'nkhokwe ndipo mowa uli ponse-ponse.

Bvuto lalikulu nlakuti pakati pathu mimba yaikulu tiicha cizindikiro ca ndalama, ndipo mai wonenepa timati asungidwa bwino ndi amuna ace. Kuyambira pamene matenda a Edzi anabwera m'zaka za m'ma 1980, kuonda kunasanduka cinthu coopsa, kotero kuti munthu akacepako thupi anansi ayamba kunong'onezana. Ena akana kucepetsa thupi cifukwa ca manong'onong'o amenewa. Komatu mafuta oculuka, maka-maka a pamimba, ndiwo aitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa ziwalo, ndiponso amaliza maondo. Matenda otere alowa mwakacetecete, ndipo ambiri adziwa kuti ali nawo atagwa kale.

Thupi liri ngati nkhokwe. Cakudya cimene munthu wadya koma osacigwiritsa nchito cisungidwa monga mafuta, ndipo mafutawo acoka pokha-pokha thupi likamagwiritsa nchito mphamvu yoposa imene lalandira. Madokotala ayesa mphamvu imeneyi m'makalori. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi isunga makalori pafupi-fupi 7,700. Munthu wolemera makilogalamu 80 akayenda kilomita imodzi atentha makalori monga 60 cabe. Ndiye kuti pofuna kucotsa kilogalamu imodzi ndi kuyenda kokha, ayenera kuponda makilomita oposa 120, ulendo wonga wocokera ku Chipata, kupitirira Katete, kukafika ca ku Sinda. Woyenda makilomita 5 pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, aukwanitsa ulendowu pa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi.

Apa ndipo ambiri agwa mphwayi. Ayenda milungu iwiri, akwera pa sikelo ya ku kiliniki, napeza kuti palibe casintha, basi aleka. Ena abwerako ku ulendo ndi ludzu nagula botolo la cakumwa cotsekemera. Botolo limodzi laling'ono liri ndi shuga wokwana masupuni a tiyi asanu ndi atatu kapena kuposa, makalori pafupi-fupi 140, ndipo libweza m'mphindi ziwiri zimene miyendo yacotsa pa makilomita awiri. Supuni yaikulu imodzi ya saladi iri ndi makalori monga 120. Nsima nayonso iwerengedwa: amene anazolowera mitanda inai ayese itatu, nadzaze mbale ndi cibwabwa, bonongwe, therere kapena nyemba. Miyendo payokha siingapambane ndi mkamwa.

Ngakhale sikelo icedwe kutsika, phindu lina liyamba msanga. Minofu ikamagwira nchito itenga shuga m'magazi, ndipo cifukwa cace kuyenda pang'ono mutatha kudya kuthandiza odwala shuga. Kuthamanga kwa magazi kutsikako, tulo tibwera bwino, ndipo phuma pokwera citunda licepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ace a m'caka ca 2020, linati munthu wamkulu ayenera kucita zolimbitsa thupi monga kuyenda mwandawala kwa mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu, kapena zolimba monga kuthamanga kwa mphindi 75 kufikira 150. Wofuna kucepetsa thupi ayang'ane ku nambala yaikuluyo.

Taonani kuti akuti mwandawala. Kuyenda kwa pamaliro, kapena kuima pa khomo liri lonse kupereka moni ndi kufunsa za ana, sikuwerengedwa kweni-kweni. Muyeso wace ngosabvuta: ngati mungathe kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, liwiro lanu lakwana.

Nanga kuthamanga? Pa kilomita imodzi kutentha mphamvu yoposako ya kuyenda, koma ubwino wace waukulu ngwakuti munthu amaliza mtunda womwewo pa nthawi yocepa. Tikamva za kuthamanga tiganiza za a Samuel Matete, amene anapambana dziko lonse pa mpikisano wa mamita 400 wolumpha zopinga ku Tokyo m'caka ca 1991, kapena a Muzala Samukonga amene anatibweretsera mendulo ku Paris m'caka ca 2024. Sindilo liwiro tikunena pano. Kuthamanga kwa pang'ono-pang'ono kwa anthu wamba kunachuka ndi mphunzitsi wa zamasewera a Arthur Lydiard, amene kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 anasonkhanitsa azibambo acikulire mu mzinda wa Auckland ku New Zealand kuti azithamanga mosapikisana, cifukwa ca umoyo wao. Mphunzitsi wa ku America a Bill Bowerman anakaona zimenezi m'caka ca 1962 nazitengera kwao, ndipo kucokera kumeneko zinafala.

Munthu wolemera kwambiri asayambire kuthamanga, pakuti pothamanga phazi limenya pansi ndi mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi, ndipo maondo alira. Ayambe ndi kuyenda mphindi 15 pa tsiku, naonjezere pang'ono mlungu uli wonse. Pakapita miyezi iwiri angayese kuthamanga mphindi imodzi ndi kuyenda ziwiri, mobwereza-bwereza. Njira ya dothi iposa ya tara. M'mwezi wa Okutobala, maka-maka ku cigwa ca Luangwa, nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo madzi akumwa asasowe. Oyenda m'mbali mwa msewu waukulu ayang'anane ndi magalimoto akubwera. Amai amene aopa kusekedwa ayende awiri kapena atatu. A m'bungwe limodzi la ku chalichi angapangane tsiku.

Amene apyola zaka 40, kapena ali kale ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ayambe apimitsa ku kiliniki. Wodwala shuga asayende opanda nsapato, popeza cironda ca kuphazi cicedwa kupola. Mukamva kupweteka pa cifuwa kapena cizungulire, imani pomwepo ndipo kaonaneni ndi a cipatala. Ndiponso munthu amene aonda yekha osafuna, pamodzi ndi cifuwa cosatha, thukuta la usiku kapena ludzu losaleka, asakondwere ai: apite akapimidwe TB, HIV ndi shuga.

Kumene kulibe sikelo, cingwe cikwanira. Dulani cingwe cotalika molingana ndi msinkhu wanu, cipindeni pakati, ndipo cizungulizeni m'mimba pamwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga zace sizikumana, mafuta a pamimba aculuka. Sungani cingweco, muyesenso pakatha miyezi itatu.